Loweruka m'galaja ya malume

Magetsi anathima ndisanadzuke, koma ntchito ya lero sinkalira magetsi. Ndinakwera kombi ku Mufakose, kusinthira m'tauni, ndipo 9 koloko isanakwane ndinali ndafika kwa malume ku Hatfield. Ndinawapeza atayala kale nsalu pathebulo la m'galaja, puresi (makina a chogwirira okankhira zigoba) atamanga bwino, zigoba za zipolopolo zili m'mabigiri awiri. Bigiri lina munali za .308 Winchester, linalo za .303 British, za mfuti yawo yakale ya Lee-Enfield imene ali nayo chiphaso kuyambira ndili mwana. Malume anagwira ntchito zaka zambiri ndi alenje a safari kuchigwa cha Zambezi, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira kudzazanso zigoba. Ine lero linali tsiku langa lachitatu kugwira chogwirira cha puresi.

Chigoba chikawomberedwa chimafufuma n'kutenga maonekedwe a chipinda cha mfuti, momwe chipolopolo chimakhala powombera. Musanachidzazenso mumachipaka mafuta kuti chisakanirire, n'kuchikankhira mu dayi, chitsulo chabowo chomangidwa pa puresi, kuti chibwerere mumsinkhu wake. Pongomva zimaoneka zophweka.

Ndinayamba ndi za .308. Ndinapaka mafuta mosaumira, poganiza kuti kuchuluka kwake ndiye ubwino wake. Zigoba 8 zoyamba zinatuluka zitabonyoka paphewa, timaenje tosalala ngati wina wadina ndi chala pa nsima yotentha. Mtima unagunda, ndinkaganiza kuti ndawononga dayi ya malume. Iwo anatola chimodzi, kuchitembenuza padzuwa, n'kunena kuti, "Iwe mphwanga, mafuta sapanikizika. Akatsekeredwa pakati pa phewa ndi chitsulo alibe kothawira, ndiye amakankha mkuwa." Anamasula dayi n'kundionetsa kabowo kakang'ono kam'mbali kotulukira mpweya ndi mafuta otsala. Kanali katatsekeka ndi litsiro. Anakatokosa ndi singano, kupukuta mkati ndi kansalu, basi. Zobonyokazo sanataye. Anati timaenje tating'ono totere timawongoka tokha chipolopolo chikaphulika.

Kenako ndinalakwitsa mbali inayo. Poopa kubonyolanso, ndinayamba kungokhudza mafuta pang'ono, mpaka chigoba china ndinachiika chouma osazindikira. Chinalowa molimba, ndinamva ndithu kuti chikukana, komabe ndinakankha. Pokweza chogwirira ndinangomva "thwa!" Mkombero wa chigoba unang'ambika, chigoba chonse n'kutsalira mu dayi. Malume sanakalipe. Anangondipatsa diliro yamanja, popeza magetsi kunalibe. Tinamanga dayi pa vaisi chadodolido, kubowola patsinde la chigoba pamene pamakhala pulaima (kachitsulo koyatsira wonga), kudula mazinga m'bowomo, kenako kulowetsa bawuti kudzera pa soketi ndi mawashala. Bawuti ikamazungulira imakoka chigoba pang'onopang'ono mpaka chituluke. Zinatitengera pafupifupi ola lathunthu, ndipo mkono ukundiwawabe. Atatha anandigwira dzanja n'kundionetsa muyeso wake: mafuta pang'ono pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kupaka thupi la chigoba lokha, phewa osalikhudza, ndipo m'kati mwa khosi kungodutsitsa kaburashi.

Zigoba zina zinatuluka ndi mizere yoyenda kuchoka paphewa kutsika. Limeneli ndi fumbi la mwezi uno wa Ogasiti. Zigobazi tinazitola pansi, ndipo kamchenga kamodzi kakamatirira mu dayi kamakanda chigoba chilichonse chobwera pambuyo. Tinapukutanso dayi n'kutsuka zigoba zonse zotsala.

Masana azakhali anabweretsa nsima ndi nyemba. Ana awo amati sadza, koma malume mpaka lero salola dzina limenelo pambale yawo. Tikudya ndinafunsa ngati ndingagule polishi wa mkuwa wa m'sitolo kuti zigoba ziziwala. Anakana mwamphamvu. Polishi wambiri wotere amakhala ndi amoniya, ndipo amoniya amang'alula mkuwa umene uli wokokeka. Anandiuza kuti asilikali a Britain ku India anaona zigoba zawo zikung'aluka zokha nyengo yamvula, ndipo pambuyo pake kunadziwika kuti chinali chifukwa chozisunga m'makola a akavalo, momwe mkodzo umatulutsa amoniya. Nkhani imeneyi inandikhala m'mutu tsiku lonse.

Bigiri la .303 ndi limene linandipweteka mtima. Tisanayambe, malume anaunika ndi tochi m'kati mwa chigoba chilichonse. Chokhala ndi bowo limodzi pakati pa tsinde ndi cha mtundu wa Boxer, chimenecho chimadzazika mosavuta. Chokhala ndi timabowo tiwiri m'mbali ndi cha Berdan, chofala pa zipolopolo zakale za asilikali, ndipo mukachikankhira mu dayi mumathyola kapini kochotsera pulaima. Tinapatula 6 zotere.

Kenako anandipatsa chigoba chooneka bwinobwino, chopanda kubonyoka kapena kukandika. Anati ndiyang'anitsitse chakumunsi, pamwamba pang'ono pa tsinde. Panali kamzere kowala kozungulira, kopyapyala ngati ulusi. Anawongola kawaya ka pepa kilipi, kupinda nsonga yake, n'kundiuza kuti ndikalowetse m'kati ndikande khoma kuchokera pansi. Pamalo a kamzere paja waya unakodwa m'kangalande. Kuti ndikhulupirire, anadula chigobacho pakati m'litali ndi sowo yodulira zitsulo. Ndinaona ndi maso anga mkuwa utapyapyala pamalo amodzi okhawo, pamene pena ponse pali pochindikala.

Chifukwa chake anandifotokozera atagwira m'manja bawuti ya mfutiyo, chitsulo chotsekera chipolopolo m'chipinda. Lee-Enfield imakhoma chakumbuyo kwa bawuti, ndipo chipinda chake anachipanga chotakasuka kuti izigwira ntchito ngakhale m'matope a kunkhondo. Pakuwombera, chigoba chimagwira makoma chakutsogolo, tsinde n'kubwerera m'mbuyo, mkuwa n'kutanuka. Mukachibweza chonse mu dayi, phewa limakankhidwira m'mbuyo, ndipo ulendo wotsatira chimatanukanso pamalo omwe aja. Kangapo kokha, tsinde limaduka m'chipinda, mpweya wamoto n'kubwerera kunkhope ya wowombera. Malume anaonapo zimenezi kuchigwa. Munthuyo anapulumuka maso chifukwa anavala magalasi.

Pa zigoba 40 tinapeza 11 zokhala ndi kangalande. Ine ndinachonderera: "Malume, nanga tisiyeko ziwiri zitatu zimene mzere wake sukuoneka kwambiri? Za .303 muno mu Harare tizipeza kuti?" Sindinkanama, zigoba zimenezi n'zosowa ndipo kuitanitsa kunja ndi ndalama ndi mapepala. Iwo sanayankhe. Anatenga pulayala n'kuyamba kuphwanya khosi la chilichonse, chimodzichimodzi, kuti wina asadzazitole m'chitini cha zotaya n'kuzidzaza. Poyamba ndinakhumudwa. Koma nditayang'ananso chigoba chodulidwa chija, ndinatenga pulayala ndekha n'kumaliza zitatu zotsala. M'mawa ndinkanjenjemera ndi timaenje tapaphewa timene tilibe vuto, pamene chigoba choopsa ndikanachidutsitsa chifukwa chinali chosalala.

Zotsalazo tinangobweza khosi lokha, phewa osalikankha, ndipo zizilowa mu mfuti yomweyo basi. Ziwiri zinang'aluka pakhosi. Mkuwa wa zigoba ndi wosakaniza kopa magawo 70 ndi zinki magawo 30 pa 100, ndipo ukamafinyidwa n'kutambasulidwa kawirikawiri umauma n'kuyamba kuthetheka. Mankhwala ake ndi kuwotcha khosi ndi phewa kuti zifewe, koma moto usafike kutsinde, chifukwa tsinde likafewa chigobacho chatha ntchito. Malume akuti zimenezo tichita Loweruka likudzali, gasi akagula.

Ndinanyamuka dzuwa likulowa, zala zili bii ndi mafuta. Theka limodzi la chigoba chodulidwa chija ndinapempha, lili m'thumba la jekete. Mu kombi pa Seke Road ndinkangolisisita ndi chala, kufunafuna kangalande kaja, ndipo tsopano ndikukapeza ngakhale osayang'ana.