Thukuta lamchere ndi cystic fibrosis

Amene munauzidwa kuti muli ndi jini (kachidutswa ka chibadwa kochokera kwa makolo) imodzi yolakwika ya cystic fibrosis, matenda otengera kumtundu omwe amagwira kwambiri mapapo ndi m'mimba, musalitenge mopepuka dzuwa la Okutobala.

Jiniyi, yotchedwa CFTR, ndiyo imathandiza thupi kubweza mchere m'timachubu ta thukuta lisanafike pakhungu. Wodwala cystic fibrosis amalandira jini yolakwika kwa mayi ndi kwa bambo omwe, motero mchere umangotuluka: chloride (mbali imodzi ya mchere) wa m'thukuta lake amafika 60 mmol/L pa muyeso wa kuchipatala, kapena kupitirira, pomwe mwa anthu ambiri safika 30. Wa jini imodzi sadwala matendawa ndipo ambiri amakhala bwinobwino. Komabe ena amataya mchere wochulukirapo, ndipo kusiyanako kumaonekera akagwira ntchito yolemetsa padzuwa kwa maola ambiri.

Chodetsa nkhawa n'chakuti mchere ukatsika m'magazi, ludzu silibwera msanga. Munthu amauma asakudziwa. Akamwa madzi okhaokha ambirimbiri, mchere wotsalawo umasungunuka, kenako mutu, nseru, kukokana kwa minofu ndi chizungulire. Taonani malaya akauma: mizere yoyera m'khwapa ndi kumsana ndi mchere womwe watayika.

Imwani musanamve ludzu. Sakanizani paketi ya ORS monga mwa malangizo ake. Ikasowa, lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere, osasefukira. Amene muli ndi BP kapena vuto la impso, yambani mwafunsa adokotala.

Munthu akayamba kubwebweta thupi lili moto, muikeni pamthunzi, mthireni madzi ozizira, thamangirani naye kuchipatala.