Utsi wa m'dambo la ku Malombe

Lero Loweruka ndinapita kukaona azakhali anga kumudzi wa m'mbali mwa nyanja ya Malombe, ndipo ndisanafike n'komwe ndinaona utsi ukutuluka m'dambo pamalo amene kale panali gumbwa ndi bango zowirira. Malawi a moto sankaoneka. Azakhali anandiuza kuti anyamata anatentha malowo sabata yatha pofuna kutsegula madimba, koma mpaka lero nthaka ikunyekabe kunsi kwake.

Masana ndinatsikirako ndi agogo ena amene anasiya usodzi, ndipo iwo anakumba ndi khasu n'kundipatsa dothi lakuda, lopepuka, lodzaza ndi timizu. “Aphunzitsi, limeneli si dothi wamba, ndi gumbwa wa makolo athu,” anatero. Ananena zoona, chifukwa pamalo amene madzi sauma, zomera zakufa siziola bwino koma zimangounjikana. M'madambo a kumayiko ozizira dothi lotere limakwera pafupifupi milimita imodzi pa chaka, kotero kuti mita imodzi imatenga zaka ngati 1,000. Madambo a mtundu umenewu amatenga magawo 3 okha pa 100 alionse a mtunda wa dziko lapansi, koma amasunga kaboni wochuluka kuposa nkhalango zonse pamodzi, ndipo akauma kapena kupsa, kaboniyo amapita m'mlengalenga ngati mpweya umene umawonjezera kutentha kwa dziko.

Kumene moto sunafike ndinaona akakowa, nantchengwa ndi nkhwazi ziwiri, komanso mapazi a mvuu m'matope. Agogo aja anadandaula kwambiri za chambo, chimene ana ake amabisala ndi kukulira m'mabango, ndipo anakumbukira momwe chinasowera m'nyanjayi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makoka a nkacha atachuluka n'kukokolola udzu wa pansi pa madzi.

Madzulo ano ndawerenga za dambo la Flow Country ku Scotland, limene bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2024. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anthu anakumbamo ngalande n'kudzalamo mitengo ya paini, poganiza kuti malowo ndi opanda ntchito. Tsopano bungwe loteteza mbalame la RSPB, pamalo ake otetezedwa a Forsinard Flows, likudula mitengoyo ndi kutseka ngalandezo kuti madzi abwerere. Zinandidabwitsa, pakuti ife tinazolowera kuti kusamala chilengedwe ndiko kudzala mitengo basi, pamene dambo chimene limafuna n'chakuti lisaume.

Kuno kwathu nyanja ya Chilwa inalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo mu 1997, dambo la Elephant Marsh mu 2017, koma m'mbali mwa Malombe muno mlonda wake ndi mfumu ndi komiti ya asodzi. Anyamata otentha aja sindikuwaweruza, popeza minda yachepa ndipo chimanga cha m'dimba ndicho chimapulumutsa mabanja m'miyezi ya njala. Komabe dimba lapaphulusa limabereka zaka zochepa, kenako nthaka imatitimira n'kuuma. Azakhali akuti mfumu yaitanitsa msonkhano Lachitatu, ndipo ndawapempha kuti akapereke maganizo akuti pasiyidwe mzere wa gumbwa pakati pa madimba ndi madzi, wosadulidwa ndiponso wosatenthedwa.