15 Epulo: tsiku la nambala 42

Lero m'mabwalo a Major League Baseball wosewera aliyense wavala nambala 42 kumsana, monga zakhala zikuchitikira chaka ndi chaka kuyambira 2009, pokumbukira Jackie Robinson, mwini nambalayi, yemwe mu 1947 anathetsa tsankho loletsa akuda kusewera mu ligiyi ya ku America. Madzulo ano tinaonetsa achinyamata filimu ya 42, yotuluka mu 2013, momwe Chadwick Boseman ndi Jackie Robinson ndipo Harrison Ford ndi Branch Rickey, bwana wa Brooklyn Dodgers. Ndi ya mphindi 128, koma inatidyera maola atatu chifukwa tinkaiimitsa pafupipafupi. Wosadziwa baseball amangomva kutukwanako, koma saona pomwe thupi la Robinson linali pangozi.

Tinayamba ndi kujambula bwalo pa bolodi. Mabesi, malo omwe womenya mpira amathamangira motsatizana kuti apeze chigoli, ndi anayi, otalikirana mamita 27. Woponya amaima mamita 18 kuchokera kwa womenya, ndipo mpira wake, wolimba ngati mwala, wa magalamu pafupifupi 145, umatha kuthamanga kuposa makilomita 140 pa ola. Mu 1947 womenya ankavala kapu yansalu basi. Woponya wamtima woipa ankangolunjika kumutu, n'kunamizira kuti mpira wamupulumuka, ndipo chilango chake chinali chochepa: wogundidwayo ankangopita pa besi yoyamba. Chaka chimenecho mpira unamugunda Robinson maulendo 9.

Tinachedwa kwambiri pa besi yoyambayi. Ndi pomwe Robinson ankalondera ku Dodgers, koma sanali malo ake. Ku Kansas City Monarchs ndi ku Montreal Royals ankasewera pakati, koma ku Dodgers malo amenewo anali kale ndi Pee Wee Reese ndi Eddie Stanky. Wolondera besi yoyamba amaponda besi ndi phazi limodzi, n'kutambasula thupi lonse, maso ali pa mpira ukubwerawo. Wothamanga samuona n'komwe, pomwe uyo akubwera ndi nsapato za mano achitsulo. N'chifukwa chake amaphunzitsidwa kuponda m'mphepete mwa besi, osati pamwamba, ndi kuchotsa phazi akangowakha. Komabe wofuna kukuvulaza mwendo aupeza. Mu Ogasiti 1947 Enos Slaughter wa St. Louis Cardinals anamuponda Robinson kumbuyo kwa mwendo pa malo omwewa.

Wachinyamata wina anafunsa kuti bwanji sankabwezera. Sikuti anali wamantha ayi. Mu 1944 anaimbidwa mlandu ku khoti la asilikali atakana kukhala kumbuyo kwa basi ku Texas, ndipo anamupeza wosalakwa. Koma pa 28 Ogasiti 1945 analonjeza Rickey kuti sadzabweza chibakera ngakhale mawu, poti ndewu imodzi yokha ikanapatsa eni matimu ena chifukwa chotsekera akuda onse. Ankayankha ndi miyendo. Akafika pa besi ankasunthako masitepe angapo, n'kumavinavina ngati athamanga. Woponya akasokonezeka n'kuimitsa dzanja atayamba kale kuponya, ndiye kuti walakwa, cholakwa chomwe amati balk, ndipo wothamanga amapatsidwa besi yotsatira ulele. Anaba mabesi 29 chaka chimenecho, wopambana onse mu ligi.

Pomwe Ben Chapman, mphunzitsi wa Philadelphia Phillies, akumutukwana, m'chipinda munangoti zii. Kutukwanako kunachitikadi mu Epulo 1947. Koma poti Robinson akuswa ndodo yake m'kanjira ka kuseri, pamenepo anawonjezera ndi opanga filimu, ndipo tinawauza anawo mosabisa.

Tsiku lenilenilo lomwe anayamba kusewera mu Dodgers, 15 Epulo 1947 ku Ebbets Field, silinali la zodabwitsa. Anthu analipo 26,623, mipando ina ili yopanda anthu. Johnny Sain, woponya wa Boston Braves, anamutulutsa katatu. Mu gawo la 7, Stanky ali pa besi yoyamba, Robinson anangougunditsa mpira pang'ono kuti mnzake asunthe. Earl Torgeson wa Braves anautola mwaphuma n'kuponya, mpira unamenya Robinson n'kutayika. Pete Reiser wa Dodgers atamenya wautali, Stanky ndi Robinson anafika kunyumba, besi yomaliza yopatsa chigoli, ndipo Dodgers inapambana 5-3.

Titazimitsa, ena ankayesa kuti matimu onse anatsegula zitseko pomwepo. Larry Doby, wakuda wina, analowadi ku Cleveland pa 5 Julayi 1947, koma Boston Red Sox inadikira mpaka 1959, Robinson atasiya kale kusewera.