Zikomo nonse amene munatigwira mkono, Sitandade 8 yathu yatuluka

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 (PSLCE) a 2023 zatuluka, a MANEB alengeza, ndipo ine monga mphunzitsi wa kalasi imeneyi pasukulu yathu kuno ku Phalombe sindingangokhala chete ayi. Ana athu ambiri akhoza. Ena asankhidwa kupita ku CDSS yapafupi, ena ochepa ku sekondale yogonera komweko, ndipo alipo amene sizinawayendere, amenewonso ndi anga ndithu ndipo ndiwatchula m'munsimu. Foni yakhala ikulira, anthu kumandiyamikira ine ndekha, ndiye ndati ndilembe pano kuti zikomoyo afike kwa eni ake. Mupirire nane, ndilemba zambiri.

Poyamba ndi Mulungu, chifukwa mu Marichi muja, nthawi ya namondwe Freddy, panalibe amene ankaganiza za mayeso, tinkangoganiza zoti kodi kucha tili moyo.

Kuti mumvetse muyenera kudziwa kaye kuti ana awa ndi ati. Awa ndi aja anali Sitandade 5 pamene boma linatseka sukulu zonse mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid. Amene munagwirapo choko mukudziwa kuti Sitandade 5 ndi pomwe zinthu zimatembenuka, mwana wazolowera kumva zonse m'Chichewa kuchokera Sitandade 1, kenako masamu, sayansi, social, zonse zikubwera m'Chingerezi, ndipo ndi kalasi imene ana ambiri amagwa mphwayi nkusiya. Ndiye awa chaka chimenecho anakhala pakhomo miyezi yambiri, ena kumunda, ena kugulitsa mandasi pamsika. Atafika Sitandade 7 mu 2022 kunabwera namondwe Ana mu Januwale, Gombe mu Marichi, kolera nayo inayamba chaka chomwecho nkutizunza mpaka chaka chino. Ndiye ali Sitandade 8, mayeso atayandikira, Freddy.

Sindifotokoza zambiri za Freddy, tonse tinaona. Mvula yosakata usana ndi usiku, madzi ndi miyala kutsika m'mapiri, agogo athu nkumatikumbutsa za napolo wa 1991 amene anasesa kuno komwe. Dziko linataya anthu opitirira 1,000, a Chakwera, amene anali Pulezidenti nthawi imeneyo, analengeza masiku 14 olira maliro. Sukulu zinatsekedwa, makalasi athu anasanduka kampu, mabanja kugona m'menemo ndi timitolo tawo tomwe anapulumutsa. Mabuku ambiri ananyowa, makope a ana omwe munali manotsi a chaka chonse anapita ndi madzi limodzi ndi mayunifolomu. Ena mwa ana angawa anaika m'manda abale awo.

Ndiye zikomo wanga woyamba pa anthu akupita kwa inu amene munali pakampu paja. Sukulu zitauzidwa kuti zitsegulidwe inu munalibe kolowera, nyumba zinali zitagwa, koma munamva kuti ana a mayeso akufunika chipinda ndipo munanyamula mphasa zanu nkukapanikizana m'makalasi ena ndi m'matenti, ena kutchalitchi, kuti Sitandade 8 ikhale ndi bolodi. Palibe amene anakukakamizani. Amayi ena achikulire, amene alibe ndi mdzukulu yemwe m'kalasi mwanga, ndi amene ankathamangitsa tiana tating'ono tikamasokosa pawindo, amvekere akuluwa akuwerenga. Ine zimenezi sindidzaiwala mpaka kalekale. Munthu woti wataya zonse, chimanga chonse chakokoloka m'munda, nkumaganizabe za mayeso a mwana wa mnzake, eeh, Mulungu akudalitseni.

Amayi a Mother Group, inu nde ndikusowa poyambira. Titatsegulira, atsikana angapo sanabwere, ena anasamukira kwa achibale kutali, ena kunyumba kunali kutayamba kale nkhani za banja chifukwa njala ikalowa pakhomo mwana wamkazi ndi amene amayamba kuonedwa ngati njira yopulumukira. Inu munayenda khomo ndi khomo m'matope muja, milatho itaduka, kukakhala pansi ndi makolo, pena kutukwanidwa kumene, koma simunabwerere. Munasoka mapadi a nsalu kuti mtsikana asajombe masiku ake akafika, nkhani imene ife aphunzitsi aamuna sitingaithe. Mwa atsikana amene munawabweza aja alipo amene dzina lake lili pa mndandanda wa osankhidwa lero. Amfumu athu nanunso zikomo, munaitanitsa msonkhano nkunena poyera kuti mwana wa mayeso asatumidwe ku ganyu nthawi ya sukulu, ndipo mawu anu anamveka kuposa makalata onse amene ife tikanalemba.

Amayi ophika phala, amene mumadzuka kusanache kukasonkha moto ndi nkhuni zonyowa, osalandira kanthu. Kwa ana ambiri kapu ya phala ija ndi chakudya chokhacho chimene ankachiona mpaka madzulo. Masiku amene phala kunalibe ndinkadziwira pa maso awo, ikamakwana 10 koloko mitu ili pa desiki, ufunse funso losavuta angokuyang'ana. Ndiye wina akamati ana akhoza masamu, dziwani kuti mbali ina ya malikisiwo ndi yanu.

Aphunzitsi anzanga tsopano. Anthu amaona wa Sitandade 8 chifukwa ndi amene amaperekeza ana ku mayeso, koma mafunso a PSLCE samachokera mu Sitandade 8 mokha, amakumba mpaka za Sitandade 5, 6 ndi 7. Madamu a Sitandade 5 amene munalandira ana awa atabwerera ku Covid nkuyambanso nawo pansi penipeni, kuwerengetsa mmodzimmodzi, ntchito yanu ndi imene yaoneka lero. Ndipo chaka chino munabweranso kudzandithandiza, tinagawana mapepala onse 6, English, Chichewa, Masamu, Sayansi, Social ndi Chipembedzo, komanso Arts ndi Life Skills, aliyense kutenga kumene ali ndi mphamvu, m'mamawa tisanayambe asembule, masana ena ataweruka, Loweruka lomwe, opanda alawansi.

Ndipo poti mabuku anali atatha, tinabwerera ku TALULAR imene anatiphunzitsa ku TTC, ku koleji ya zauphunzitsi, kuphunzitsa ndi zomwe zilipo. Mafulakishoni tinadula mzimbe, theka, kota, mwana aone ndi maso kuti makota awiri ndi theka, akatero audye. Profit and loss tinawerengera pa nandolo, kuti amayi ako agulitsa kwa mavenda pa mtengo uwu, mbewu ndi ganyu zinadya zakuti, apindula kapena aluza, ndipo ana amene ankaopa masamu anayamba kukangana okhaokha chifukwa nkhani yake ndi ya kwawo. Za kukokoloka kwa nthaka sitinafune chithunzi cha m'buku, tinangotuluka kukaima pa chigwembe chimene madzi anakumba kuseri kwa sukulu, nkufunsa kuti bwanji apa panakumbika koma paja pali vetiva ndi mitengo panalimba. Phunziro limenelo linali lolemera, ena analira, koma atafunsidwa pa moko palibe amene analemba zolakwika. Kusefa madzi tinachita ndi botolo lodula, mchenga, makala ndi kansalu, nkuwauza kuti kusefa sikupha tizilombo ta kolera, uwiritse kapena uthire kolorini, ndipo ndinamva kuti ena anakaphunzitsa makolo awo pakampu. Mapu a Malawi tinajambula pansi ndi phulusa, Shire kutuluka m'nyanja kutsikira ku Zambezi, Chilwa apa, Mulanje apo ndi Sapitwa wake wa mamita 3,002, mwana aime pa boma limene watchulidwa. Zaka za mbiri, Chilembwe 1915, ufulu 1964, ripabuliki 1966, anaziika m'nyimbo yawoyawo yowomba m'manja.

Chimene chinativuta kwambiri ndi Chingerezi, sindinama. Mwana akudziwa yankho bwinobwino koma funso silikumveka, ukamufotokozera m'Chichewa akuyankha pompo. Ndiye tinagwirizana kuti tsiku lililonse aliyense alembe ziganizo zochepa za zomwe waona popita kusukulu, anzake amukonze pagulu, kenako awerenge mokweza kutsogolo. Poyamba kunali manyazi ndi kusekana, pofika kumapeto anali kulimbirana kuti ndiyambe ndine. Ku Chichewa nde kunali kokoma, miyambi ndi zining'a tinawatuma kuti akafunse agogo, anabwera nazo zina zoti ngakhale ife sitinazimvepo, ndipo chimangirizo chawo chinayamba kukhala ndi mchere.

Ahedi athu, zikomo chifukwa cholondola nkhani ya ma ID ndi manambala a mayeso a ana amene mapepala awo anapita ndi madzi, munakwera njinga kangapo misewu ili yoduka kuti pasapezeke mwana wobwezedwa pakhomo la mayeso. A PEA athu, mlangizi wa maphunziro wa zoni yathu, ndi onse a ku TDC, likulu la zoni, zikomo poonetsetsa kuti moko wa zoni alembedwe ngakhale nthawi inali itatha, moko ameneyo ndi amene anatitsegula maso kuti tikanikize pati. A komiti ya sukulu ndi a PTA amene munakonza zimbudzi ndi kukhoma madesiki othyoka, alonda athu amene ankadikira mpaka mwana womaliza atatuluka madzulo, zikomo.

Ndiye pali inu ana a sukulu ino akale amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu, ena ku Joni. Ndinangolemba kamodzi pa gulu lathu la WhatsApp kuti ana alibe makope, sindinayembekezere zomwe zinachitika. Wina anatumiza ya makope ndi zolembera, wina anasindikiza mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo nkuwakweza minibasi, wina masamu seti ndi marula, wina nyali za sola zoti ana azibwerekana. Ndikudziwa kuti kumeneko simukutola ndalama pansi, zinthu zakwera mtengo kwa aliyense, ena munatumiza kangachepe nkupepesa kuti nzochepa. Sizinali zochepa. Nyali imodzi inkazunguliridwa ndi ana a makomo angapo, ndipo mapepala akale aja anayenda m'manja mpaka kuthetheka. Mayina sinditchula poti ena munandiletsa, koma mukudzidziwa.

Makolo, ndikudziwa zomwe munadzimana. Nthawi imene pakhomo pankafunika dzanja lililonse, kuumba zidina, kufuna udzu wofolerera, kubzalanso mbatata m'dimba kuti mwina mupeze chodya, inu munalola mwana kuti apite kusukulu m'mawa nkubwera dzuwa litapendeka. Ena munagulitsa nkhuku yotsala kuti mulipire ya mayeso. Ena simudziwa kuwerenga koma munkakhala pambali pa mwana usiku kuti asagone. Zikomo kwambiri.

Tsopano inu ana anga. Mwandinyaditsa. Munabwera opanda yunifolomu, ena opanda nsapato, ena mitima ili yosweka, koma munabwera. Timagulu tanu towerengera pansi pa mtengo wa mango munatiyambitsa nokha, wodziwa masamu kuthandiza mnzake, mnzakeyo nkumubwezera ku English. Lachisanu masana tikati tipume, anyamata ku mpira wa chikulunga, atsikana ku ntchemberembaye, kenako ng'oma ya tchopa kulira, ndi pomwe ndinayamba kumvanso kuseka kwanu kwakale patapita nthawi. Amene mukupita ku Fomu 1, kumeneko kulibe amene adzakulondolani ngati kuno, mudzasankhe bwino anzanu, ndipo atsikana mukakumana ndi zovuta amayi a Mother Group akadali anu, bwerani mudzanene.

Inu amene mwakhoza koma dzina silinatuluke pa osankhidwa, vuto si mutu wanu, malo ku sekondale ndi ochepa kuyerekeza ndi ana amene amakhoza, izi zakhala choncho kuyambira pomwe pulayimale inakhala yaulere mu 1994 ana nkuchuluka. Musataye mtima, bwerani ndi makolo tidzakambirane za sekondale ya open kapena njira ina. Ndipo inu amene simunakhoze, musabisale kunyumba chonde, ine ndikudziwa zomwe munadutsamo chaka chino kuposa pepala la zotsatira. Malo anu alipo, desiki ilipo, ndidzakulandirani ndekha ndipo palibe amene adzakusekeni m'kalasi mwanga. Makolo awo ndikupempheni, musawakalipire, musawathamangitsire ku banja kapena ku maganyu a ku Mozambique, atumizeni abwerenso.

Pempho lomaliza kwa onse amene mwawerenga mpaka pano. Mwa osankhidwawa alipo amene makolo awo akadali m'zisakasa, fizi, yunifolomu, nsapato ndi chikwama cha ku Fomu 1 sakudziwa kuti zichokera kuti, ndipo zingandipweteke kwambiri kuti mwana alimbane ndi zonsezi nkukakanika pa khomo la sekondale. Amene mungathe kutengapo mmodzi, kapena muli ndi yunifolomu ya mwana wanu amene anamaliza, ndipezeni ku inbox kapena mudzere kwa ahedi, zonse zidzalembedwa m'kaundula wa komiti kuti pasakhale zokayikitsa. Ndipo ana amene muli ndi nyali za sola ndi mapepala akale aja mubweze ku ofesi sukulu isanatsegulidwe, azing'ono anu amene akulowa Sitandade 8 akuzidikira.