Zomwe ndaphunzira za SATA ndi M.2 pomanga kompyuta yanga yoyamba

Ndakhala ndikugula zida za kompyuta yanga pang'onopang'ono malinga ndi m'thumba, motherboard (board yaikulu yomwe zida zonse zimalumikizidwapo) ilipo, processor nayo ilipo, pano ndafika pa nkhani ya ma drive osungiramo mafailo ndipo anzanga a kuno ku Harare amene mukufuna kudzimangira yanu, apa musathamange.

SATA, njira yolumikizira drive ku motherboard ndi zingwe, siyovuta. Kachingwe kamodzi ka data kochokera pa motherboard, china chachikuluko cha magetsi chochokera ku power supply, basi. SATA III inatuluka mu 2009 ndipo SSD (drive yopanda chozungulira m'kati) yabwino pamenepo imathamanga pafupifupi 550 MB pa sekondi, kaya ndi yodula bwanji singapitirire kwenikweni, malire ake ndi omwewo. Hard drive yozungulira ija ya 7200 rpm siifika nkomwe pamenepo.

Pomwe pandidyera nthawi ndi pa M.2, kamalo ka pa motherboard komwe SSD imalowa popanda chingwe. Ndimakonda kukacheza kwa achimwene ena a ku Mufakose omwe amakonza makompyuta mu town, ndiye tsiku lina anandiikira ma SSD awiri pa tebulo, onse opyapyala ngati kachingamu, onse a 2280, kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali, nkundiuza kuti ndiyang'ane kumapeto komwe kuli timano tagolide tija. Imodzi inali ndi timipata tiwiri, inayo kamodzi kokha. Ya timipata tiwiri inali ya SATA, liwiro lake 550 yomwe ija ngakhale ilowe mu M.2, pomwe inayo inali NVMe, mtundu wa SSD wodzera pa PCIe (njira yachangu ya data pa motherboard), imene pa PCIe 3.0 imafika cha m'ma 3,500 MB pa sekondi, pa 4.0 cha m'ma 7,000. Timipatato timathandiza koma osadalira ito tokha, werenganinso zomwe zalembedwa pa bokosi.

Ndiye chinthu chomwe ndikuchikakamira kwambiri ndi manual ya motherboard, ipangeni download musanakwere kombi yopita ku town. Ma board ena ukangoika SSD mu M.2 malo amodzi kapena awiri a SATA amasiya kugwira ntchito chifukwa amagawana njira imodzi, ukalumikiza hard drive pamenepo siioneka ndipo munthu nkuyamba kuganiza kuti anakugulitsa yakufa, pomwe enanso M.2 yawo imangolandira NVMe yokha, ya SATA ayi. Zonsezi zinalembedwa mmenemo, kungoti ambirife timaitaya limodzi ndi mapulasitiki. Kasikulu kakang'ono komangira SSD kajanso nthawi zambiri kamabwera ndi motherboard osati ndi SSD, mukasunge bwino.

Ine ndasankha NVMe imodzi ya Windows ndi mapulogalamu, kenako hard drive ya SATA yosungira zithunzi, mavidiyo ndi ma notes a kusukulu. Board yanga ndi ya PCIe 3.0 ndiye sindikuona chifukwa chowonjezera madola pa SSD ya 4.0, igwira inde koma pa liwiro la 3.0, bola ndalamayo ipite ku RAM. Komanso poyatsa kompyuta kapena potsegula Word kusintha kwakukulu kumaoneka ukachoka pa hard drive kupita pa SSD iliyonse, osati pakati pa ma NVMe okhaokha. Ndalama yotsalayo ndikusungira UPS, batire yothandiza kuti kompyuta isazime magetsi akathima, magetsi akwathu kuno mukuwadziwa mmene amazimira mwadzidzidzi munthu uli pakati pokopera mafailo.