Kwanu n'kuti, mwana wanga?

Lachinayi, usiku.

Ndikulemba nditafunda bulangete mpaka m'khosi. Juni wa ku Harare sanyengerera munthu. M'mawa ndinatuluka m'nyumba ku Mufakose cha m'ma 6 koloko, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, ndipo mu kombi aliyense anali duu, manja m'khwapa, kupatula hwindi, kondakitala woitanira anthu uja, amene pakamwa pake sipamva chisanu.

Lero linali tsiku loti makolo adzaone makope a ana awo. Sukulu yathu ili ndi ana ambiri kuposa zipinda, choncho timachita kulandirana, ena m'mawa ena masana, zija kuno amati hot seating. Ine ndi ana anga 52 a Grade 3 timalowa m'mawa, tikatuluka n'kulowa madamu a Grade 5 ndi gulu lawo. Bolodi ndi limodzi, kabati ndi imodzi, kiyi wake timabisa pamalo pamene sindinena pano. Pakona ya bolodi pali kachigawo kamene tinagwirizana kuti sikafufutidwa, ndipo m'pamene timasiyirana mauthenga: choko chatha, zenera lachitatu musatsegule, mwana wakuti wasanza kuseri kwa chitseko. Chaka chachitatu chino tikukhala ngati akazi apamitala omvana. Lero poti tonse timalandira alendo nthawi imodzi, iwo anatsala m'chipinda, ine n'kutulutsa desiki pakhonde. Wopindula ndinali ine, chifukwa dzuwa linayambira kwanga.

Oyamba kufika anali mayi ena ogulitsa tomato ku Mbare Musika, thukuta kamukamu m'chisanu chonsecho. Anaona kope la masamu, n'kufunsa funso limodzi lokha, ngati mwana amamvera, kenako ulendo. Anthu otere ndimawakonda. Kunabweranso bambo ena a suti, ofuna kudziwa ngati mwana wawo adzapeze mayunitsi 6 pa mayeso a ZIMSEC a Grade 7, kutanthauza 1 pa phunziro lililonse mwa asanu ndi limodzi aja. Mwanayo ali ndi zaka 8. Ndinawapempha kuti tiyambe tathana ndi kuchulukitsa ndi 7. Koma aja amalongolola pa gulu lathu la WhatsApp 10 koloko usiku, ofunsa chifukwa chake homuweki yachuluka, mawa lake n'kufunsanso chifukwa chake yachepa, sindinaone ndi mmodzi yemwe.

Cha m'ma 11 kunabwera kamtsikana kuti madamu akundiitana.

M'chipindamo ndinapeza agogo ena atakhala m'mphepete mwa kampando ka ana, duku kumutu, chitenje pamwamba pa juzi, m'manja atafumbata kansalu komanga mfundo. Kumbuyo kwawo kunaima mnyamata amene ndinamuphunzitsa zaka ziwiri zapitazo, katswiri pa masamu, wolemba bwino ngati makina. Maso anali pansi. Madamu anandikokera pambali. Akuti chilichonse chimene anena, agogo akungoyankha kuti alipira. Chishona akumva bwinobwino, koma sakumvetsera. Ndiye atawamva akukalipira mdzukulu wawo chapansipansi, anazindikira kuti chilankhulocho ndi chija amandimva nacho pa foni ndikamalankhula ndi bambo anga kuseri kwa kabati.

Ndinachita kakasi. Zaka zonse zimene ndakhala pasukulu pano sindinalankhulepo Chichewa mokweza.

Nkhani yake ndi iyi. Kuchokera mu 2024, pamene boma linachotsa ma CALA, ntchito zoyesera ana zija zimagoneka makolo pakati pausiku, n'kubweretsa maphunziro otsamira pa chikhalidwe, ana amachita pulojekiti pasukulu pomwepo. Madamu anayamba yawo ndi pepala la mafunso asanu: dzina, mutupo (chiwongo), kumusha (kumudzi), mfumu ya kwanu, mtsinje wapafupi. Mnyamatayu analemba dzina lokha. Anamupatsa lina, chimodzimodzi. Kachitatu anang'amba pepala n'kumenya mnzake wokhala naye desiki, ndiye sukulu n'kulemba kalata yoitana kholo.

Ndinagwada pambali pa kampando. "Mwadzuka bwanji agogo?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Ndadzuka, kaya inu aphunzitsi. Kwanu n'kuti, mwana wanga?"

Ndinati bambo ndi a ku Ntcheu, koma ine ndinabadwira konkuno. Anagwedeza mutu, n'kuyamba kumasula mfundo ija ndi mano. Munali madola atatu opindapinda. "Ndabwera ndi zochepa. Muwauze asamuthamangitse, mayi ake atumiza mwezi ukatha." Mayi akewo ali ku Johannesburg. Ndinawapinditsa ndalamazo n'kuwauza kuti nkhani si ya fizi, komanso kuti kuyambira 2020 lamulo la maphunziro sililola kuthamangitsa mwana chifukwa cha ngongole. Sanakhulupirire. Anati ndiye kuti ndi za kalata ya kubadwa. Munthu amene wayenda zaka zambiri ndi chitupa cholembedwa ALIEN, pepala lililonse lochokera ku ofesi amaliona ngati samani. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anatsegula njira ya unzika kwa obadwira kuno amene makolo awo anachokera m'maiko oyandikana nafe, ndipo anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma mantha a nkhalamba safufutidwa ndi cholembera.

Ndinatenga pepala lija n'kuwawerengera mafunso m'Chichewa, limodzilimodzi. Nditafika pa mtsinje anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene sanagone usiku wonse chifukwa cha chinthu chopanda pake.

"Ndiye zimenezi? Iwe, bwanji sunandifunse?"

Mnyamata anayankha m'Chishona, mawu akunjenjemera. Akuti anzake amamutcha mubhurandaya, dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi. Amati anthu a mtundu wake alibe mutupo, alibe kumudzi, tchuthi chikafika amangozungulira m'lokeshoni ngati nkhuku. Akanalemba Malawi pepalalo likanakhomedwa pakhoma pamodzi ndi ena, aliyense n'kumawerenga.

Agogo kuseka kunatha. Anakhala bwino pakampando paja, ndipo zimene zinatsatira ndinamasulira mpaka kukhosi kuuma. Kwawo ndi ku Dedza, kwa Kaphuka, mtsinje ndi Linthipe. Bambo awo anatsogola kudzera ku Mthandizi, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za m'mafamu a kuno. Patapita zaka mayi awo anatopa kudikira, n'kunyamula ana awiri nthawi ya chitaganya. Anadutsa kwa Apwitikizi, pena pansi pena pa lole, ndipo ku Tete anawoloka Zambezi pamadzi chifukwa mlatho kunalibe. Iwo anali kamtsikana, chimene akukumbukira n'chakuti mayi awo anawamanga m'chiuno ndi chitenje kuti asasuzumire m'madzi. Anakapeza bambowo pa famu ya fodya kufupi ndi Marandellas, kumene lero timati Marondera. Ankati akolola kawiri n'kubwerera. "Mpaka lero tikukolola, mwana wanga. Ndife matchona."

Madamu anafunsa za mutupo. Agogo anati iwo ndi a Banda, n'kuwonjeza kuti kwathu mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Apa madamu anagwira pakamwa. Chaka chonse akhala akudandaula kuti bambo a mwanayu saoneka, kumangobwera amalume, iwo n'kumaona ngati banja lotayirira. Kwa Ashona mwana amatsata kuchimuna, ndiye amalume kubwera kusukulu kumaoneka ngati kungotumidwa. Sankadziwa kuti amene amabwerayo ndiye mwini nkhani.

Kenako anatulutsa foni n'kulemba Dedza. Panatuluka zithunzi za m'mapanga a Chongoni, zojambula zakalekale zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Anaonetsa mnyamata uja. Anayang'ana mwakuba, kenako anatenga foniyo ndi manja awiri. Agogo anasuzumira n'kunena kuti phirilo akulidziwa, mayi awo ankalitchula akamadandaula kuti nkhuni za pafamu n'zautsi.

Pano ndiyenera kunena zoona, poti tsamba lino ndi langa. Madamu anapepesa kwambiri, anati pepalalo analilemba ngati kuti mwana aliyense ali ndi kwawo ku Murehwa monga iwo. Koma iwo sankadziwa. Ine pepala limenelo ndinaliona mu kabati mwathu mwezi wa Meyi, ndipo ndine ndinakawachitira fotokope. Ndinawerenga mafunso asanu aja, m'mimba munandipota, n'kukhala chete. Ndili Grade 4 anatipatsa mafunso onga omwewa, ine n'kulemba mudzi wa anansi athu a ku Chiweshe ndi mutupo wawo womwe, ndipo ndinakhoza zonse. Amati safunsa anadya phula. Ine ndinaona mnzanga akutengera phula kukamwa, osamugwira dzanja. Timagawana choko, kiyi ndi shuga, koma chinthu chimodzi chimene ndikanamuthandiza nacho kuposa wina aliyense pasukulu pano ndinachibisa.

Pa tiyi wa masana madamu anaitana aphunzitsi a Grade 4 ndi 5, ine n'kulowerera ngati mlendo. Tinatsegula marejisitala. A Phiri, a Banda, a Mwale, a Tembo, a Mbewe, kalasi iliyonse alimo, osawerengera a ku Mozambique ndi ena amene agogo awo anasintha maina kalekale kuti asamaonekere. Aphunzitsi ena achikulire, amene atsala pang'ono kupuma, anatsutsa. Anati tikayamba kuloza ana kuti awa ndi ochokera kwakuti, tiwonjezera moto, ndipo mawu amene lero akunenedwa kuseri kwa zimbudzi adzanenedwa m'kalasi. Ndinafuna kuwayankha mokalipa koma ndinaona kuti sakunama. Ine ndemwe ndikanakhala mwana, sindikanafuna kuimiritsidwa kutsogolo ngati chionetsero.

Tinakangana mpaka tiyi kuzizira. Chimene tinagwirizana n'chakuti pepala lija lichoke, ndipo mwana aliyense, Mshona, Mndebele kaya Mchewa, akafunse wamkulu wa kunyumba kwawo mafunso awiri: munabadwira kuti, nanga munafika bwanji mu Harare? Pajatu mumzinda muno aliyense anachita kubwera, ena pa basi ya ku Mutoko, ena pa sitima ya ku Bulawayo, ena kuwoloka Zambezi. Tidzaitana agogo atatu tsiku limodzi kuti adzakambe okha, ndipo a ku Dedzawa sadzakhala oyamba kapena otsiriza. Mphunzitsi wa Grade 4 anadzipereka kujambula mapu aakulu pa mapepala a manila kuti ana adzakhome ulusi kuchokera kwawo kufika ku Harare. Ine ntchito yanga ndi kumasulira, pamaso pa ana anga omwe.

Wina anatchula gule, zija kuno amati zvigure, kuti bwanji osaitana ovina. Chipinda chonse chinati zii. Achiwiri kwa ahedi anati makolo a mapemphero adzatidya amoyo. Ndinati Gule Wamkulu anavomerezedwa ndi UNESCO mu 2005, iwo anati UNESCO sibwera ku msonkhano wa makolo. Tinaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Sindinakhutire, komabe gule si sewero loitanira pa asembule ngati kwaya, ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Imeneyo tidzaiona chaka china.

2 koloko kunali msonkhano wa SDC, komiti ya makolo yoona za chitukuko cha sukulu. Ola lathunthu linathera pa pampu ya mjigo ndi funso lakuti ndalama za levi zilandiridwe mu ZiG, ndalama ya dziko lino, kapena madola. Pothera penipeni ndi pamene madamu anaimika dzanja n'kufotokoza za agogo atatu aja. Apampando, amene ndimawadziwa ngati munthu wouma pa ndalama, anafunsa ngati alendowo adzafune chakudya. Titati tiyi ndi buledi basi, anati buledi adzagula okha, kenako n'kunena chapansipansi kuti mayi awo anali a ku Chipata. Zaka zinayi ndakhala nawo m'misonkhano bambo amenewa.

Pobwerera kukatenga chikwama ndinapeza kapepala ka pulasitiki pa desiki, muli mtedza wokazinga, wothira mchere wambiri monga amachitira achikulire. Agogo anasiyira mlonda kuti apatse "mwana wa ku Ntcheu uja". Pakona ya bolodi madamu anali atalemba ndi choko chofiira: ZIKOMO KWAMBILI. Sindinakonze.

Nditadya nsima ndinaimbira bambo ku Highfield. Ndinawafunsa dzina la mtsinje wa kumudzi kwawo. Anayamba akhala chete, kenako anafunsa ngati kwagwa maliro. Nditati ayi, ndi za kusukulu, anatsokomola n'kuyamba: mtsinje, dambo, mtengo wa mkuyu pamene ankasewera bawo, dzina la nyakwawa, mayina a ng'ombe za amalume awo. Ndinalemba kuseri kwa rejisitala mpaka malo kutha. Anali atangofika pa m'mene anakwerera lole pa Biriwiri pamene mayunitsi anandithera.

Mawa ndigule ena, ndi bokosi la choko, poti ndi sabata yanga.