Zikomo nonse amene munatigwira dzanja pa maliro a azakhali

Azakhali tawaika. Mawu anga anatha ndi kulira, thupi lonse likuphwanya, koma sindingagone ndisanathokoze. Nonse amene munabwera, amene munachezera nafe, amene munaimba foni ndi kutumiza thandizo, Mulungu akubwezereni mowirikiza. Mayina sinditchula, ndingaiwale ena.

Ambiri mukudziwa kuti agogo atadwala sitiroko, mbali yakumanja itafa, amene anatsala nawo kumudzi ndi azakhali. Enafe tinkangotumiza ndalama n'kumaona ngati tathandiza. Ntchito yeniyeni inali m'manja mwawo. Ankawatembenuza pa maola 2 aliwonse, ndi usiku womwe, kuti asatuluke zilonda kumsana, m'chiuno ndi kuzidendene. Powadyetsa ankayamba awakhazika tsonga, n'kumawapatsa pang'onopang'ono kuti asatsamwe, poti kumeza kunkavuta. Dzanja lakufalo ankaliwongola chala chimodzichimodzi kuti lisaume. Zofunda zochapa tsiku lililonse, madzi otunga kutali, munda nawo ukudikira. Agogo anagona zaka zonse zija mpaka kumwalira opanda chilonda ngakhale chimodzi. Amene munasamalapo wodwala wosadzuka mukudziwa kuti zimenezo sizichitika mwamwayi.

Koma wosamala wodwala ndani amamufunsa kuti wadzuka bwanji? Mankhwala a BP a agogo sankadumphitsa, pomwe BP yawo eni ake inkakwera osayezetsa, mpaka mtima unatopa.

Ndiye ndifike kwa inu amayi a nyumba yoyandikana nafe. Si inu achibale athu, palibe chimene chinkakukakamizani. Ndinu munaona kuti miyendo ya azakhali yatupa, kuti akubanika akangoyenda pang'ono, kuti usiku akugona chokhala chifukwa akagona chagada mpweya ukuwathera. Iwo ankati n'kutopa chabe, inu munakana, munawakweza panjinga mpaka kuchipatala. Ndinu munatiimbira foni n'kutiuza mosabisa kuti tibwere msanga. Kuchipatala munagona pansi pafupi ndi bedi lawo, ana anu mutawasiya kwa eni. Nditafika ndinakupezani mukuwapaka mafuta kumsana, mukuwatembenuza ndendende mmene iwo ankachitira ndi agogo. Munati munaphunzira poonerera. Ndinatuluka panja kukalira.

Amayi, ndikuthokozeni ndi chiyani ine? Ambuye amene amaona zam'seri akukumbukireni, inu ndi ana anu, ndipo tsiku limene mudzafooke asadzakusowetseni munthu.

Pali ena amene azakhali anakuberekani kumbuyo muli ana, anakugonerani kuchipatala mukudwala malungo, ena anakulerani makolo anu atamwalira. Pa matenda simunaoneke, pa maliro akuti netiweki inavuta, ena akuti ntchito. Tamva. Sitikukwiya, tangoona.

A mpingo, achinyamata amene munakumba manda dzuwa lili pamutu, anamwino amene munatipirira ndi mafunso athu, zikomo kwambiri.

Amayi aja alibe Facebook, choncho amene muli nawo pafupi muwawerengere uthengawu, osadumpha mawu. Komanso munda wawo wamera tchire chifukwa nthawi yopalira inawathera kuchipatala ndi azakhali. Loweruka m'mamawa tikukapalira. Amene mungathe bwerani ndi khasu lanu.